Za Kudimba: Kiwi ndi wa Kuchisanu, Ife Tiwokere Magalagadeya

Mwezi uno tayamba taika pambali nkhani ya ndiwo zamasamba kuti tiyankhe funso limene achinyamata a kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, cha ku Jali ndi ku Kachulu, akhala akufunsa. Pa lamya zawo zam'manja aonapo chipatso china chotchedwa kiwi, chachikulu ngati dzira la nkhuku, chakhungu lofiirira ndi laubweya, koma chobiriwira m'kati, chokhala ndi tinjere takuda tozungulira pakati pake. Ena achipeza m'masitolo aakulu a mu Blantyre ndi Lilongwe, ndipo ataona mtengo wake mtima unawadumpha, nayamba kuwerengera ndalama zimene munthu angapate atakhala ndi zomera khumi zokha kuseri kwa nyumba. Tsono afuna kudziwa kafesedwe kake, kasamalidwe kake ndi kawokeredwe kake.

Funsolo ndi labwino, ndipo mwana amene wafunsa za kubzala asanyozedwe. Koma yankho lake silokondweretsa. M'chigwa cha Chilwa kiwi angamere, angayange, angaphimbe thandala ndi masamba, koma dengu la zipatso simudzaliona. Tifotokoza chifukwa chake, pakuti kuletsa mwana osamuuza chifukwa ndiko kumutuma kuti akayese mobisa. Tikatha apo tinena za chomera china choyanga chimene dothi ndi dzuwa lathu zimachilola.

Kwawo kwenikweni kwa kiwi ndi ku China, m'mapiri a m'mbali mwa mtsinje wa Yangtze, kumene ankamera yekha m'nkhalango. M'chaka cha 1904 mayi wina dzina lake Isabel Fraser, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya atsikana ku Wanganui m'dziko la New Zealand, anabwerera kwawo ndi njere zochepa kuchokera ku Yichang. Kumeneko anapita kukacheza kwa m'bale wake Katie, amene ankatumikira pa mishoni ya Church of Scotland, mpingo womwewo umene unakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876 ndi ya Domasi mu 1884. Njerezo zinafika m'manja mwa mlimi wina, Alexander Allison, ndipo zipatso zoyamba zinaoneka mu 1910. M'zaka za m'ma 1920 Hayward Wright anasankha mtundu wa zipatso zazikulu umene mpaka lero umadziwika ndi dzina lake loyamba, ndipo mu 1959 amalonda a ku New Zealand anachitcha chipatsocho kiwi, dzina la mbalame yosauluka ya m'dziko mwawo. Kwathu kuno khofi anafika mwa njira yofanana: Jonathan Duncan anabwera ndi mbande kuchokera ku Edinburgh kudzabzala pa mishoni ya Blantyre mu 1878. Mbewu zimayenda ndithu m'thumba la mlendo. Komatu zimakhazikika kokha kumene nyengo ifanana ndi ya kwawo, ndipo New Zealand anali ndi chinthu chimene Kachulu alibe, ndicho chisanu.

Kiwi ali m'gulu la mapichesi ndi maapozi. Nyengo yozizira ikafika amayoyola masamba onse nagona, ndipo kuti adzadzuke ndi maluwa ayenera kuzizidwa mokwanira. Mtundu wa Hayward umafuna maola ngati 600 kufikira 800, mwinanso kuposa, ozizira osapitirira madigiri 7. Chigwa cha Chilwa chili pamtunda wa mamita 600 ndi pang'ono chabe kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya phiri la Zomba ipitirira mamita 2,000. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kumene kumatitumiza kukaotha moto m'mawa, kwa kiwi ndi kamphepo kayaziyazi. Chomera chimene sichinagone mokwanira chimaphuka mwa apo ndi apo, maluwa nkukhala owerengeka kapena osaoneka konse. Ndicho chifukwa chake mapichesi timawadziwira ku Dedza ndi ku Ntcheu osati ku Mchenga, ndipo ngakhale ku South Africa alimi a kiwi ali kumtunda kozizira, monga ku Magoebaskloof. Onjezani apo kuti kiwi amatulutsa masamba anthete aakuluakulu mu Sepitembala ndi Okutobala, pamene kwathu dzuwa lili pachimake ndipo zitsime zikuphwa.

Palinso china chimene ogulitsa njere sanena. Kiwi ali ngati papaya: pali chomera chachimuna ndi chachikazi, ndipo chachikazi sichibala popanda chachimuna pafupi. Alimi amabzala chachimuna chimodzi pa zachikazi ngati 8. Koma papaya amadziulula miyezi yochepa, pamene kiwi wofesa ndi njere amatha zaka zitatu, zisanu, kapena kuposerapo asanachite maluwa, ndipo pokhapo ndi pamene mungadziwe ngati zaka zonsezi mwakhala mukuthirira chachimuna. Mizu yakenso ndi yofewa, imaola ikakhala m'madzi masiku ochepa okha. Aliyense amene waona makande a kunyanja mu Febuluwale adziwa yekha tanthauzo la zimenezi.

Choncho inu makolo, mwana akapempha ndalama kuti aitanitse njere za kiwi pa intaneti, mukhale naye pansi mumuwerengere mawu awa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama yomweyo igule waya ndi machubu, ndipo chaka chisanathe adzakhala akutola magalagadeya.

Magalagadeya timawadziwa tonse, ngakhale ambiri timangowaona m'timadengu ta ogulitsa zipatso pa msewu wokwera kuphiri la Zomba. Nawonso ndi mlendo, kwawo ndi ku Brazil ndi maiko oyandikana nawo, koma ndi mlendo wochokera kotentha, ndipo safuna kugona. Alipo mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo apa ndi pamene ambiri a kuchigwa amaphonya. Akuda aja, ofiirira moderako, otsekemera bwino, ndi a kumtunda. Munthu akagula amenewo kuphiri nakafesa njere zake ku Govala, amayamba bwino, koma kutentha kukafika maluwa amayoyoka ndipo chomera sichikhalitsa. A kuchigwa ndi achikasu. Chipatso chake ndi chokulirapo ndi chowawasa pang'ono, chomera chake ndi champhamvu, chimapirira kutentha, ndiponso chimalimbana bwino ndi matenda a m'dothi ofotetsa mbewu. Funani amenewo. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakulozereni kopeza mbewu, ndipo nkhani za zipatso likulu lake la kafukufuku ndi ku Bvumbwe m'boma la Thyolo.

Potenga njere musatenge pa chomera chimodzi chokha. Chifukwa chake tichiona tikafika pa maluwa. Sankhani zipatso zakupsa, zolemera m'manja, zochokera pa zomera ziwiri kapena zitatu za masamba osalala ndi obiriwira bwino. Tsukani njerezo kuti lenda lonse lichoke, ziumitseni pamthunzi masiku awiri kapena atatu, ndi kuzifesa zikadali zatsopano, pakuti njere zogonera miyezi yambiri zimachedwa kumera. M'chubu muike dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana ndi mchenga pang'ono. Amene alibe machubu asadandaule, mapepala a shuga oboola kunsi agwira ntchito yomweyo. Njere ilowe sentimita imodzi yokha. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu zimera, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mbande zifika masentimita 20 kufikira 30, msinkhu wowokera. Wofuna kuwokera ndi mvula yoyamba afese mu Sepitembala, pamthunzi wa udzu, pamalo pamene nkhuku sizifika.

Tsopano tifike pa malo, pakuti kunyanja nkhani yonse yagona pamenepa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zonse zimene Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe atsitsa zimathera momwemo, ndipo nyanjayo imafutukuka ndi kubwerera monga mwa mvula ya chakacho. Akuluakulu akumbukira kuti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ouma. Koma pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023 madzi anakwera nalowa m'minda ndi m'makomo. Munthu wobzala chomera cha zaka zinayi m'dziko lotere ayenera kuganizira zonse ziwiri, chilala ndi chigumula, ndipo mwa ziwirizi chimene chimapha magalagadeya msanga ndi madzi. Chomera chofota ndi ludzu mungachitsitsimutse ndi ndowa imodzi. Chimene chaola patsinde chapita.

Yendani pakhomo panu mvula itangokata, muone pamene madzi sadikha. M'mphepete mwa chulu ndi pabwino, ndiponso pa kamtunda kamchenga kapena pafupi ndi khola lakale. Mabuku ambiri amati kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, mubzale m'menemo. Kumtunda malangizowo ndi oona. Pa makande dzenje lotere limasanduka mtsuko: madzi amalowa koma satuluka. Kumbani ndithu kuti dothi lifewe, sakanizani dothi lapamwamba ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana, mubwezere m'dzenjemo, kenaka muunjike dothi lina pamwamba mpaka papangike nthumbira yofika pafupi ndi m'bondo, yotambalala mita imodzi. Mbande ikhale pamwamba pa nthumbirayo. Ntchito imeneyi ichitike sabata ziwiri kapena zitatu tsiku lowokera lisanafike, kuti dothi likhazikike. Pakati pa chomera ndi chinzake pakhale mamita 3, ndiwo mapazi 10 a muyeso wakale. Pewani pamene panali tomato kapena therere lotupa mizu, pakuti tinyongolotsi timene tinatupitsa mizuyo tikadali m'dothimo.

Nthawi yowokera ndi kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, mvula itanyowetsa nthaka, kuti mizu igwire mvula yamphamvu ya mu Januwale ndi Febuluwale isanafike. Amene malo awo amamira chaka ndi chaka, koma ali ndi chitsime chodalirika, achita bwino kudikira mpaka Epulo madzi atatsika. Madziwo ayambe awalawa: zitsime zina za kufupi ndi nyanja ndi zamchere, ndipo madzi otere amawaula nsonga za masamba.

Tsiku lowokera thirirani mbande m'mawa, koma muwokere madzulo dzuwa litapendeka. Ng'ambani chubu mosamala kuti dothi lisamwazike, ndipo ngati mizu yazungulira kunsi, iwongoleni ndi zala. Mbande ilowe kulekeza pomwe dothi linalekeza m'chubu. Musaikwirire mozama poganiza kuti ilimba, pakuti tsinde lokwiririka ndilo limayamba kuola. Tsenderani dothi ndi manja, thirirani, ndipo muzike nthambi ya masamba kumbali ya kumadzulo kuti ichite mthunzi kwa sabata imodzi. Phimbirani nthumbira yonse ndi udzu wouma kapena mapesi a mpunga, amene ku Likangala ndi ku Domasi ena amangotentha, koma musiye mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde chifukwa cha chiswe ndi chinyontho. Pomaliza tchingani ndi minga kapena bango. M'mera m'poyamba, ndipo mbuzi ya mnansi sidziwa kuti mwavutikira miyezi itatu.

Thandala limangidwe mbande isanayambe kufunafuna pogwira. Ambiri amangoisiya kuti ikwere mumtengo wa mango. Imakweradi, koma imaphimba mangowo, ndipo simungaitengulire kapena kuona matenda ali m'mwamba. Zikani nsanamira zolimba zotalika mamita 2 pamwamba pa nthaka, muzipserezeko kunsi chifukwa cha chiswe, ndipo mukoke waya mmodzi pamwamba pake. Posowa waya nsungwi ikwanira, kungoti idzafuna kusintha. Musapeputse kulemera kwa chomera chimenechi chikadzala zipatso ndi kunyowa ndi mvula, makamaka kunyanja kumene mphepo ya mwera ilibe choitchinga. Thandala likagwa mu Febuluwale, kulidzutsa ndi kuthyola nthambi.

Kuchokera pansi lolani tsinde limodzi lokha likwere pa kamtengo kapena chingwe, mukuchotsa mphukira zonse za m'mbali. Likafika pa waya, tsinani nsonga kuti pabuke nthambi ziwiri, ina ipite uku ina uko. Pa nthambi ziwirizi padzatuluka zina zolendewera pansi ngati nsalu yoyanika, ndipo zimenezo ndizo zobala. Magalagadeya amachita maluwa pa mphukira zatsopano zokha. Nthambi imene yabala kale idulidwe, kusiya mfundo ziwiri kapena zitatu pafupi ndi waya kuti iphukenso, ndipo yofika pansi idulidwe isanakhudze dothi. Mizu yake ili pamwamba, choncho khasu lisayandikire, udzu uzulidwe ndi manja. M'chilimwe ndowa imodzi pa chomera kawiri kapena katatu pa sabata ikwanira, ndipo madzi otsukira ndiwo ndi mpunga asatayidwe pabwalo. Manyowa onjezerani mvula ikamayamba ndi ikamatha. Feteleza wokulitsa akachuluka mudzakolola masamba.

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti chomera chikuchita maluwa ambiri koma onse akugwa. Apa magalagadeya achikasu afanana pang'ono ndi kiwi. Alibe chachimuna ndi chachikazi, koma duwa lake kawirikawiri silivomera mungu wa chomera chomwecho, limafuna wa chinzake chochokera ku njere ina. Ndiye chifukwa tinati njere zichokere pa zomera zosiyana, ndipo pakhomo pakhale zomera zosachepera ziwiri kapena zitatu. Wonyamula munguwo ndi bemberezi, chinjuchi chachikulu chija choboola mitengo ya denga, chimene anyamata amakonda kuchigwetsa ndi chipande. Njuchi wamba ndi yaing'ono, imatenga mungu osakhudza pofunika. Tsono anyamata inu, lekani nkhondo ndi bemberezi, ndipo ngati akuononga phaso la nyumba muikireni chipika chouma pafupi ndi thandala kuti asamukire m'menemo. Kumene bemberezi wasowa, munthu angagwire ntchitoyo ndi chala. Maluwa a mtundu wachikasu amatseguka masana dzuwa lili paliwombo natseka madzulo. Khudzani timitu taufa wachikasu pa duwa la chomera china, mukapake pa timitu titatu tapamwamba pa duwa la chinzake. Ndi ntchito yopepuka yoti ana angaichite akaweruka kusukulu, koma isachitike mvula ikugwa pakuti mungu ukanyowa umaonongeka.

Mwa matenda titchulapo amodzi, amene alibe mankhwala. Masamba akayamba kukwinyika ndi kuchita mawanga achikasu, zipatso nkukhala zazing'ono, zopindika, zachikhungu cholimba ngati mtengo ndi zopanda madzi m'kati, chomeracho chagwidwa ndi kachilombo kofalitsidwa ndi nsabwe za zomera. Kachilombo ka mtundu womwewo kamakhalanso mu khobwe, choncho khobwe asabzalidwe pansi pa thandala. Chomera chodwala chizulidwe ndi kutenthedwa, ngakhale mtima ukuwawa, ndipo mpeni wotengulira utsukidwe ndi sopo musanapite nawo pa chomera china.

Latsala funso limene mabanja a kunyanja amakumana nalo kuposa a kumtunda. Madzi akakwera banja nkusamukira pamtunda, kapena malo akafunika kumangapo nyumba, kodi chomera chachikulu chingasamutsidwe? Zimene ana amawerenga pa intaneti zimati dikirani nyengo yachisanu chomera chitayoyola masamba. Amenewo ndi malangizo a kiwi ndi mpesa, zomera zimene zimagona, ndipo munthu angazikumbe zili m'tulo osazipweteka kwambiri. Magalagadeya sagona, choncho tsiku lililonse limene mungawakumbe muwapeza ali maso. Chomera chosakwana chaka chingapulumuke mukachita motere: duliranitu mpaka chitsale mita imodzi ndi masamba ochepa, thirirani kwambiri dzulo lake, kumbani mozungulira masentimita 40 kuchokera patsinde, nyamulani ndi dothi lake pa chiguduli, ndipo mukachibzale madzulo omwewo pa nthumbira yokonzeratu, pamthunzi, mukuthirira tsiku ndi tsiku kufikira chitaphuka. Nyengo yabwino ndi ya mitambo, kumayambiriro kwa mvula, kapena mu Meyi ndi Juni kwa amene ali ndi madzi. Mu Okutobala musayese.

Chomera chimene chapitirira zaka ziwiri ife sitilangiza kuchikumba. Moyo wa magalagadeya ndi zaka zitatu kufikira zisanu, ndipo chokalamba chikasamutsidwa chimatha miyezi chikudwala, pamene mbande yatsopano ikadakhala itafika kale pa waya. Ngati chinali chobala bwino ndipo simufuna kutaya mtundu wake, weramitsani nthambi yapansi, ikandeni pang'ono pa mfundo, muikwirire m'chubu kapena m'chitini cha dothi nsonga ili kunja. Pakatha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri idzakhala ndi mizu, ndipo mungaidule kwa make ndi kuinyamula kupita nayo kumene mukusamukira. Mukumbukire kuti nthambi zotere, ngakhale zikhale khumi, ndi chomera chimodzi chomwecho. Sizingapatsane mungu, ndipo ngati make anali ndi kachilombo kaja, nazonso zili nako. Pambali pake pabzalidwe mbande ya njere.

Zipatso zoyamba muziyembekezere pakatha miyezi 8 kufikira 12 kuchokera tsiku lowokera, ndipo kuchokera pa duwa kufika pa chipatso chakupsa pamapita miyezi iwiri ndi theka. Musathyole chobiriwira. Chikapsa chimagwa chokha, ndipo ntchito ndi kutola m'mawa uliwonse dzuwa lisanachiwaule. Khungu likayamba kukwinyika musachitaye, pamenepo ndi pamene kuwawasa kwachepa. Zipatso zinayi kapena zisanu, zosefedwa m'jagi ya madzi owiritsa ndi shuga pang'ono, zikwanira banja lonse pa chakudya cha masana, ndipo zotsala zimatha sabata osaonongeka, nthawi yokwanira kudikira tsiku la msika ku Jali kapena wa njinga wopita ku Zomba. Chaka chachitatu chikamayamba fesani njere zina, kuti pamene zomera zakale zikutopa, zatsopano zikhale zitagwira kale pa nthumbira zina.